Juwisi wa chinanazi kapena nthanga za maungu, choonjezera magazi nchiti?

Amake Dalitso, Chilenje South

Anzanga ndithandizeni maganizo chifukwa kunyumba kuno nkhani yafika poti anthu akuluakulu sakuyankhulana bwino. Ndinachira miyezi inayi yapitayi, mwana wachiwiri, ndiye sabata yatha nditapita naye kusikelo ndinawauza a nesi kuti ndikumamva chizungulire ndikadzuka msanga, komanso ndikangochapa matewera pang'ono mtima umagunda ngati ndathamangira minibasi. Anandibaya pachala nkundiuza kuti magazi achepa, Hb, muyezo wa magaziwo, ili pa 10.2, nkundipatsa timapilitsi tofiira tija. Ndinene zoona sindikumwa tsiku ndi tsiku, timandimanga m'mimba ndipo chimbudzi chimachita kuda bii mpaka tsiku loyamba ndinaopa.

Manje vuto lili apa. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga amene timakhala naye, akuti mankhwala a magazi ndi juwisi wa chinanazi, anaonera pa TikTok, ndiye akamachokera kuntchito ku tauni amabwera ndi bokosi la lita imodzi kuti ine ndizimwa tambula m'mawa tambula madzulo. Apongozi nawonso anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu, anyamula nthanga za maungu chitini chodzaza, akuti zamadzi zotsekemerazo nkungotaya ndalama, iwo anabereka ana 7 akudya nthanga ndi nkhwani ndipo sanagwepo ndi chizungulire. Ndikamwa juwisi apongozi amangoti "hmm" nkutenga mpando kukakhala panja, ndikatafuna nthanga mlamu akuti zamafuta izi munenepa nazo mlamu simudzakwananso m'madilesi anu. Amuna anga ndikawafunsa amangoti zonse nzabwino nkukweza voliyumu ya mpira.

Ndiye amene mukudziwa ndiuzeni, mu juwisi muli chiyani ndipo mu nthanga muli chiyani? Chimene chingandithandize pa nkhani ya magaziyi nchiti? Ndikuyamwitsanso, mwana sanayambe phala.

Mnyamata wa Matero

Kkkk amayi nthangazo musamalize nokha, gawirankoni abambo akunyumba, ife timagula timapaketi ting'onoting'ono modula kwa anyamata oyenda nazo m'mabasi pomwe inu mwapatsidwa chitini chonse chaulere. Aliyense akudziwa kuti nthanga ndi chakudya cha amuna. Juwisi wa chinanazi ine ndimamudziwa pa zinthu ziwiri basi, pa ukwati ndi m'mawa mutu ukamawawa utagona mochedwa Loweruka. Koma za apongozi mverani, munthu wakwera basi kuchoka ku Katete atafumbata chitini pamiyendo njira yonse ya Great East, mapiri a ku Luangwa onse aja, inu nkumamwa za m'bokosi pamaso pawo?

Tisa wa zakudya

Amake Dalitso pepani ndi chizungulirecho. Ine ndinaphunzira za zakudya pa koleji ya NRDC ndipo funso ili ndimakumana nalo kawirikawiri ndiye ndilemba motalikirako, pirirani nane.

Mlamu wanu ndi apongozi akupikisanitsa zinthu zosapikisana, zili ngati kukangana kuti pakati pa mbaula ndi ndowa chofunika pakhomo nchiti. Juwisi wa chinanazi mukamuyeza magalamu 100, magalamu 86 ndi madzi, shuga ndi pafupifupi magalamu 10, mapuloteni safika ndi theka la galamu lomwe, mafuta tingoti mulibe, ayironi amene akufunika pa magazi anuyo ndi 0.3 mg basi. Nthanga zouma zochotsa makoko, magalamu 100 omwewo, muli mapuloteni magalamu 30, mafuta 49, ayironi pafupifupi 9 mg, zinki pafupifupi 8 mg, maginiziyamu pafupifupi 590 mg. Makalori mu juwisi 53, mu nthanga 559, kuwirikiza kakhumi.

Koma manambala a magalamu 100 amapusitsa, chifukwa palibe munthu amamwa juwisi magalamu 100, tambula yanuyo ndi 250 ml, ndipo palibenso amakhala pansi nkutafuna nthanga magalamu 100 pokhapokha ngati nsagwada zake nzachitsulo. Tiyeni tiyeze mmene anthu amadyera. Tambula imodzi ya juwisi ndi makalori ngati 130, shuga magalamu 25, ndiye kuti masupuni a tiyi 6, ayironi osafika 1 mg. Nthanga zodzaza dzanja limodzi, tinene magalamu 30, ndi makalori ngati 170, mapuloteni magalamu 9 kuposa a m'dzira limodzi, ayironi 2.6 mg, zinki wopitirira 2 mg, ndi maginiziyamu woposa theka la amene mzimayi amafunika pa tsiku. Mwaona? Pa makalori zayandikana, koma china chakupatsani shuga ndi madzi, china chakupatsani chakudya.

Za kunenepa mlamu wanu sakunama kuti nthanga nzamafuta, pafupifupi theka lake ndi mafuta ndithu, koma ndi mafuta a mtundu wa mu nsawa ndi mpendadzuwa, ndipo inu mukuyamwitsa, thupi likufuna makalori owonjezera pafupifupi 500 pa tsiku. Chimene iye sanawerenge ndi matambula awiri akukumwetsani aja. Amenewo ndi shuga magalamu 50. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu malangizo awo a 2015 anati shuga wothira m'zakudya, kuphatikizapo wa mu uchi ndi wa mu juwisi wa zipatso, asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, kwa munthu wamkulu ndi magalamu 50 omwewo. Ndiye inu mwamaliza kale gawo lanu la tsiku lonse musanathire nkomwe shuga mu tiyi kapena m'phala.

Pamene juwisi akuwinira ndi pa vitamini C, apa nthanga zilibe chonena, muli kochepetsetsa. Ndipo apa mpamene mlamu wanu wagwira kachoonadi osadziwa. Ayironi wa m'zomera thupi limavutika kumutenga, wambiri amangodutsa, chifukwa mu nthanga, nyemba ndi chimanga muli chinthu chotchedwa phytate chimene chimamugwira. Vitamini C mukamudyera pamodzi pa chakudya chomwecho amathandiza kuti ayironi wambiri alowe m'thupi. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza, ndiye chizolowezi chathu chotsitsira chakudya ndi kapu ya tiyi wakuda chisiyeni kaye, tiyi azibwera pakatha ola limodzi kapena awiri. Koma dziwani kuti chinanazi chachiwisi chili ndi vitamini C pafupifupi 48 mg pa magalamu 100, pomwe juwisi wa m'bokosi anamuphika kaye kufakitale kuti asaonongeke, ngati sanamuwonjezere amatsala ndi ngati 10 mg basi. Werengani kumbuyo kwa bokosi ngati palembedwa ascorbic acid, ameneyo ndiye vitamini C wowonjezerayo. Ndipo ngati nkhani ndi vitamini C yekha, gwafa wapakhomo ali ndi woposa 200 mg pa magalamu 100, amasiya chinanazi kutali, kungoti gwafa alibe bokosi lokongola.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri. Hb ya mzimayi amene sali woyembekezera imafunika ikhale 12 kupita m'mwamba, yanu ili pa 10.2 ndipo mukumva kale chizungulire. Piritsi limodzi lofiira lija lili ndi ayironi pafupifupi 60 mg. Kuti mupeze 60 mg mu nthanga mufunika kutafuna pafupifupi magalamu 700 tsiku limodzi. Mu juwisi mufunika malita 20, chigubu chonse chija timatungira madzi akasowa pampopi. Ndiye apongozi ndi mlamu onse awiri aluza kwa a nesi. Chimbudzi chakudacho musaope, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge. Kumanga m'mimbako imwani madzi ambiri, ndiwo zamasamba, piritsi muzimwa mutadya, zikapitirira bwererani kukiliniki mukawauze, angathe kukusinthirani kamwedwe, osangosiya mwakachetechete. Nthawi zambiri amati mupitirize miyezi itatu ngakhale Hb itakwera kuti nkhokwe ya m'thupi idzadzenso. Muwafunsenso za malungo ndi njoka za m'mimba, komanso muwauze ngati mukutayabe magazi chichirireni. Simuli nokha, kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti azimayi 31 pa 100 aliwonse muno mu Zambia ali ndi vuto la kuchepa magazi.

Pa mbale, ayironi wolowa msanga ali mu chiwindi, nyama, kapenta, vinkubala, ndipo poti apongozi ndi a ku Katete afunseni ngati sanabise mbewa pansi pa chikwama.

Anaphiri a ku Kaunda Square

Mwana wanga amake Dalitso, ine za manambala sindiyankhulapo, a Tisa alemba bwino. Ine ndine wa kwa Chipata ndakhala muno mu Lusaka zaka zambiri koma dzungu sindinatayepo nthanga zake ndi tsiku limodzi. Chimandiwawa ndikamaona atsikana a masiku ano akudula dzungu, nkukokolola zam'kati zonse ndi supuni nkuponya m'bini, kenako mawa lake akukagula nthanga zomwezo mushopu zitaikidwa m'kapaketi konyezimira.

Kakonzedwe kake nkosavuta. Mukachotsa m'dzungu muzitsuke mpaka ulusi ndi kuterera kuja kuthe, muziyanike palichero padzuwa masiku awiri atatu, muzizitembenuza, zikauma bwino zimalira waa mukagwedeza lichero. Pokazinga ikani chiwaya pamoto wofatsa, osati makala ali ngwee ayi zimapserera kunja m'kati muli mwawiwisi. Muzivundula osalekeza, zikayamba kuthetheka nkumadumpha sungunulani kamchere m'madzi pang'ono muwaze, vundulaninso mpaka madzi aphwe, ziyera mbuu ndi mcherewo. Zatha. Ana kumudzi tinkaika m'thumba la yunifolomu popita kusukulu.

Koma kwa inu wochira kumene musavutike ndi kutafuna, apongozi anu akudziwa chochita, apempheni akusinjireni. Mukazikazinga pang'ono muzisinja mumtondo nkusefa, makoko amatsala pasefa, ufa wake umatuluka ngati nsinjiro za nsawa koma kafungo kake nkena, kokoma. Ufa umenewo mutendere nawo nkhwani, chibwabwa chimene mumagula pamsikachi, kapena mnkhwani wofutsa ngati abweretsa, tomato ndi anyezi basi mafuta osafunika chifukwa nthanga zimatulutsa okha. Soda musathiremo, ndikudziwa amafewetsa msanga koma kukiliniki anatiphunzitsa kalekale kuti amapha mavitamini a m'masamba. M'mawa thirani supuni ziwiri m'phala la mgaiwa. Mwana akadzakwana miyezi 6 nkuyamba phala naye muzidzamuthirira kaufa kosefa bwino, koma nthanga zathunthu mwana wamng'ono osamupatsa, zimatsamwitsa.

Chenjezo langa ndi pa kasungidwe. Chitini cha apongozicho muchitsegule muone. Ngati zinalongedwa zisanaume zimachita nkhungu, mukaona zakuda, zaufaufa wobiriwira kapena zonunkha chinyezi tayani osamva chisoni, nkhungu ya pa mbewu ndi poizoni wa chiwindi chimodzimodzi ya pa nsawa ndi chimanga. Ufanso musasinje wambiri, wa sabata imodzi basi, chifukwa cha mafuta aja umayamba kununkha chiwawa nthawi yotentha ino.

Ndipo ndikuuzeni ngati mayi wanu, apongozi akamati hmm sikuti akudana ndi chinanazi. Munthu wasonkhanitsa nthanga dzungu limodzilimodzi chikolorereni akuganiza za inu. Mawa m'mawa muwapatse mtondo muone ngati sayamba kuimba.

Bambo a Chisomo, Kabwata

Ine ndilowererepo pa mbali ya shuga chifukwa zinandionekera. Anandipeza ndi matenda a shuga mu 2019, ndiye ndinasiya zakumwa za m'mabotolo zonse nkusamukira ku juwisi wa zipatso, ndikudziona ngati munthu wosamala kwambiri, mpaka ndinkanyoza anzanga kuntchito akamamwa zoziziritsa kukhosi pa lanchi. Bokosi lolembedwa 100% lopanda shuga wowonjezera, ndinkati apa ndiye ndapeza. Tsiku lina ndinamwa tambula yaikulu ya wa chinanazi m'mimba muli pululu, patatha ola limodzi ndinadzibaya pa kamashini kanga, 14 ndi kakuti. Ndinaganiza kuti kamashini kafa, ndinasintha kapepala nkubayanso chala china, chimodzimodzi. Nditawauza adokotala anangoseka nkunena kuti bambo, thupi silifunsa kuti shugayu wachokera ku munda wa nzimbe kapena wa zinanazi. Mawu akuti wopanda shuga wowonjezera akutanthauza kuti sanathiremo wina, koma wa chipatsocho alimo yense, ndipo tambula ya juwisi ndi tambula ya zakumwa ndinasiya zija pa shuga zimangotsala pang'ono kufanana.

Kusiyana kwa chipatso ndi juwisi ndi faiba, zotsalira zija zimakhala pasefa mukafinya. Chinanazi chodya chili ndi magalamu 1.4 pa 100, juwisi 0.2 basi. Mukamatafuna mumachedwa, mumakhuta, zidutswa ziwiri zitatu mwasiya, koma pomwa masekondi khumi mwameza theka la chinanazi. Nthanga ndiye ndinayesanso dala, dzanja limodzi, kamashini sikasuntha kwenikweni, ndipo zimandigwira m'mimba mpaka nthawi ya nsima. Mukadya ndi makoko omwe faiba amachuluka kwambiri kungoti m'mimba mwa ena simugwirizana nazo. Ine ndimakazinga zopanda mchere chifukwa BP nayonso inabwera kudzakhala nane.

Sindikuti juwisi ndi mdani. M'galimoto ndimasungamo kabokosi kakang'ono nthawi zonse, chifukwa shuga akatsika kufika pansi pa 4, thukuta lili kamukamu manja akunjenjemera, nthanga sizingakupulumutse, pamenepo pamafunika chinthu chothamanga, theka la tambula mphindi 15 wabwerera. Kuthamanga komweko ndiye ubwino wake, ndiyenso kuipa kwake.

China, mlamu wanuyo ayang'anitsitse chimene akugula. Mabokosi amafanana, onse ajambulapo chinanazi, koma ena alembapo nectar kapena drink, amenewo ndi madzi ndi shuga, chipatso chake nchochepa. Mabotolo osungunula ndi madzi aja ndiye nkhani ina. Amayi mwachira kumene, ngati pa mimba anakuuzanipo kuti shuga wakwera, kapena kwanu alipo odwala shuga, matambula awiri pa tsikuwo achepetseni.

Mayi wa zinanazi pa Soweto

Eeh mwachinyoza chinanazi changa mpaka ndatsala pang'ono kulongedza kubwerera kunyumba kkkk. Koma a Tisa ndi a Chisomo anena zoona, vuto si chinanazi vuto ndi bokosi. Ine ndimaoda zochokera ku Mwinilunga ndi Ikelenge, makilomita oposa 800 pa thiraki, zimafika zina zitaphwanyika koma kukoma kwake mukudziwa nokha, simufuna shuga. Ndalama imene mlamu akuponya pa bokosi tsiku lililonse abwere nayo kuno atenge chathunthu banja lonse lidye.

Posankha musadalire mtundu wa khungu, nunkhizani kumunsi kwake, chakupsa chimanunkhira, chopanda fungo sichinapse, chonunkha ngati mowa chapitirira. Ndipo anthu amalakwitsa, amagula chosapsa amati chikapsera kunyumba ngati nthochi kapena mango. Chinanazi akangochidula kumunda kutsekemera kwake kwathera pomwepo, kunyumba chimangofewa basi.

Mukafuna juwisi pangani nokha pa bulenda osasefa, koma mumwe tsiku lomwelo, ndi magetsi athu ozimazimawa filiji ikangofunda mawa lake mupeza achita thovu asanduka kachasu wa ana. Chapakati cholimba chija musataye, ine ndimachisinja nkupaka pa nyama yolimba ya ng'ombe kapena nkhuku ya kumudzi, theka la ola yafewa, mukaiwala usiku wonse mupeza nyama yasanduka phala. Manja angawa amadziwa, tsiku limene ndasenda zambiri zogulitsa zodulidwa zala zimachita kunyerenyesa mpaka kusupuka.

Funso langa kwa a Tisa, makasitomala oyembekezera amathawa tebulo langa akuti chinanazi chimachotsa mimba, ena a miyezi 9 amabwera dala kudzagula ziwiri akuti matenda ayambe msanga. Zoona zake nziti? Ine ndinadya pa mimba zanga zonse zitatu ana ali bwinobwino wina ali giledi 12.

Tisa wa zakudya

Amayi a pa Soweto chimene chikukusupulani zala ndi kufewetsa nyamayo ndi chimodzi, chimatchedwa bromelain, ntchito yake ndi kuphwanya mapuloteni, nchifukwa chake mukadya chinanazi chambiri lilime limachita kuwawa, chimakhala chikukudyani nanunso pang'ono. Chimachuluka mu tsinde ndi chapakati cholimbacho. Koma moto umachipha, ndiye mu juwisi wa m'bokosi ndi zinanazi za m'chitini mulibe chogwira ntchito, yesani kufewetsera nyama muona. Ndiye zimene amanena pa TikTok za bromelain, kaya zoona kaya zokokomeza, bokosi la mlamu sizikulikhudza.

Za mimbazo, kudya chinanazi monga mmene munthu amadyera chipatso sikuchotsa mimba ndipo sikuyambitsa matenda, bromelain wa mu zidutswa zingapo ndi wochepa ndipo naye ndi puloteni, amakagayidwa m'mimba ngati chakudya china chilichonse. A miyezi 9 ogula ziwiriwo chimene amapeza ndi chilungulira ndi kutsegula m'mimba. Asidi wakeyo ndiye woyenera kusamala naye, kwa a zilonda za m'mimba ndi chilungulira, komanso mano, kumwa juwisi pang'onopang'ono tsiku lonse kumadya mano, makamaka ana omwe amawaikira m'botolo. Mwana wosakwana chaka asamwe juwisi, ndipo wa amake Dalitso pa miyezi inayi ndi bere lokha, ngakhale madzi ayi.

Ndisaiwale, chinanazi chilinso ndi manganizi wambiri ndithu, koma nthanga zimachiposa ngakhale pamenepo.

Achimwene a ku Matero, zinki ndi wofunikadi pa thupi la mwamuna ndipo mu nthanga alimo, koma ngati thupi lanu silikusowa zinki kuwonjezera sikukusandutsani munthu wina. Pa prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, alipo madokotala anayesapo nthanga ndi mafuta ake kwa abambo ovutika kukodza, ena anapezako kusintha pang'ono, koma bambo amene akudzuka kanayi usiku kapena mkodzo ukutuluka modontha apite akapimidwe, asamangotafuna nthanga mu minibasi. Chimodzimodzi za njoka za m'mimba, makolo ankagwiritsa ntchito nthanga zosinja ndipo si kuno kokha, koma lero piritsi la njoka lilipo pakiliniki iliyonse. Amene ali ndi matenda a impso okha ndiwo afunse kaye adokotala asanazolowere nthanga, muli fosifolasi ndi potaziyamu wambiri.

Chondiseketsa ine nchakuti apongozi akuona ngati akuteteza chakudya cha makolo kwa chakudya chachilendo, pomwe dzungu linachokera ku Mexico ndi madera ozungulira, chinanazi ku South America cha ku Brazil ndi Paraguay, chimanga cha nsima yathu nachonso ku Mexico komweko. Onse ndi alendo, kungoti ena anafika kale nkupatsidwa malo.

Mnyamata wa Matero

A Tisa mwandiyalutsa pagulu, ine ndimadzuka kamodzi kokha usiku ndipo nkhani yake ndi agalu a aneba. Koma chigubu cha malita 20 chandipha kkkk, mlamu abwere nacho pa wilibala kuchokera ku tauni.

Amake Dalitso, Chilenje South

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Timapilitsi ndayambiranso Lachiwiri, ndikumwa ndikatha nsima yamadzulo, tiyi ndamusunthira m'mawa mochedwerako. Lachisanu ndikubwerera kukiliniki ndikawauze za kumanga m'mimbaku ndi zina a Tisa mwanenazi.

Anaphiri munalosera, nditangowafunsa apongozi kuti amayi nthangazi amatendera bwanji, anadzuka ngati mtsikana kukabwereka mtondo kwa aneba, chitini anachikhuthulira palichero nkusankha imodziimodzi, zankhungu zinalipo zochepa pansi penipeni tataya. Nkhwani yake ndinadya mpaka kunyambita mbale. Mlamu poyamba anakwiya pang'ono nditamuwerengera za masupuni 6, akuti ndiye ndalama zanga zonsezi ndimagula shuga, koma dzulo wabwera ndi chinanazi chathunthu cha pa Soweto, kaya anagula kwa inu amayi, akuti ananunkhiza zinayi asanasankhe. Tinadula titatha kudya, apongozi anatenga zidutswa zitatu, hmm sanamveke.

Vuto latsopano ndi ili. Ndinalakwitsa kuwerenga mokweza zimene analemba achimwene a ku Matero amuna anga ali pomwepo. Munthu amene ankati zonse nzabwino uja usiku wa mpira anakhala ndi mbale ya nthanga zokazinga pamiyendo, m'mawa ndapeza makoko mpaka pansi pa sofa, chitini chafika kale pakati. Apongozi aimba foni ku Katete kuti atumize zina pa basi tikalandire ku Intercity. Anaphiri, ufa wosinja uja ndikaubisa mufiliji ungakhale masabata angati?